Taq, Pfu, Tth kapena Bst: kusankha enzaimu yochulukitsira DNA

Mukatsegula kabuku ka mitengo ka kampani yogulitsa zinthu za mu labotale, tsamba la ma polymerase, ma enzaimu (mapuloteni ogwira ntchito) omwe amakopa DNA, limazunguza mutu. Mayina ali mbwee, ndipo iliyonse akuti ndi yachangu, yosalakwitsa, yopirira kuposa zinzake. Mitengo nayo yatalikirana kwambiri, komanso wogulitsa sangakuletseni kutenga yodula. Chomwe sakuuzani n'chakuti ntchito zambiri, makamaka za m'zipatala, zimayenda bwino ndi enzaimu yakale yotsika mtengo, pamene yodulayo pa ntchito zomwezo imatha kulephereratu. Musanayang'ane mtengo, dzifunseni kaye kuti DNA mukufuna kuchulukitsayo mukaitani: mukungofuna kuona ngati ilipo, kapena mukufuna kuiika m'chamoyo china kuti ikagwire ntchito? Funso lachiwiri silipezeka m'mabuku a makampaniwo, koma kwathu kuno ndi lalikulu: magetsi ndi firiji zanu n'zodalirika bwanji?

Chifukwa chake kutentha kuli nkhani

DNA ndi zingwe ziwiri zopotana, zolembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, T, G ndi C. Kuti muikope muyenera kulekanitsa zingwezo, ndipo njira yapafupi ndi kuitenthetsa kufika pa madigiri 94 kapena 95. Kenako mumatsitsa kutentha kufika pakati pa 50 ndi 65 kuti ma primer, tizidutswa tifupitifupi tosonyeza poyambira, timate pamalo pake. Zikatero enzaimu imayamba kulumikiza zilembo kumanga chingwe chatsopano. Ulendo umodzi wotere kope limodzi limasanduka awiri, ndipo mukabwereza maulendo 30, pa masamu mumakhala ndi makope oposa 1 biliyoni. Imeneyo ndiyo PCR, yomwe Kary Mullis anaitulukira mu 1983 akugwira ntchito ku kampani ya Cetus ku California, ndipo inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 1993.

Poyambirira ankagwiritsa ntchito enzaimu ya E. coli, bakiteriya wa m'matumbo yemwe anazolowera madigiri 37. Mapuloteni ambiri akatenthedwa amachita zomwe dzira limachita m'madzi owira: amalimba osabwereranso mwakale. Choncho ulendo uliwonse enzaimu inkafa, munthu n'kutsegula kachubu, kuthiramo ina, kutsekanso, mpaka maulendo onse atha. Vuto lina linali lakuti pa madigiri 37 ma primer ankamata paliponse pofananako pang'ono, zotsatira n'kutuluka zodzaza ndi zinyalala.

Yankho linali litakhala kale mu firiji kwa zaka pafupifupi 20. Mu 1966 Thomas Brock wa ku yunivesite ya Indiana ndi wophunzira wake Hudson Freeze anatunga madzi ndi ndere pa kasupe wotentha wa Mushroom Spring ku Yellowstone, ku America. M'menemo anapezamo bakiteriya wokula bwino pa madigiri 70, ndipo mu 1969 anamupatsa dzina loti Thermus aquaticus. Mu 1976 Alice Chien, David Edgar ndi John Trela a ku yunivesite ya Cincinnati anatulutsa polymerase yake, yomwe lero timaitcha Taq, n'kuonetsa kuti imagwira ntchito kutentha kuli pafupi ndi madigiri 80. Asayansi a ku Cetus, David Gelfand ndi Susanne Stoffel, anaiyenga yoti igwiritsidwe ntchito pa PCR, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1988. Kuyambira pamenepo munthu amathira enzaimu kamodzi, kutseka kachubu, makina n'kumaliza okha.

Taq: yakale koma ikulamulirabe

Taq imamanga bwino pa madigiri 72 kupita m'mwamba pang'ono. Pa 95, theka la mphamvu zake limatha pakapita mphindi pafupifupi 40, pa 97.5 limatha m'mphindi 9 zokha. Zimenezi n'zokwanira pa PCR wamba, chifukwa ulendo uliwonse mumakhala pa 95 kwa masekondi 15 mpaka 30 basi. Koma ngati mwakonza makina kuti azikhala pa 98 nthawi yaitali poganiza kuti DNA ilekana bwino, pofika ulendo wa 25 enzaimu yanu imakhala yatheratu. Lamulo lomwe aliyense amaphunzitsidwa ndi lakuti muipatse mphindi imodzi pa zilembo 1,000 zilizonse, ndipo imachita bwino pa zidutswa zosapitirira zilembo 3,000 kapena 4,000.

Chofooka chake chodziwika n'chakuti ikaika chilembo cholakwika sibwerera kukachichotsa. Chimenechi ndicho chimaopsa ophunzira ambiri mpaka kukakamira enzaimu zodula. Tiyeni tichiyang'anitsitse. Mu 1996 asayansi a ku kampani ya Stratagene anayerekeza ma enzaimu angapo, n'kupeza kuti Taq imalakwitsa pafupifupi zilembo 8 pa 1 miliyoni iliyonse yomwe yaika, pamene enzaimu ina yotchedwa Pfu imalakwitsa 1.3. Mukachulukitsa kachidutswa ka zilembo 1,000 kuwirikiza maulendo 20, ndiye kuti makope pafupifupi 16 pa 100 aliwonse a Taq ali ndi cholakwika penapake. A Pfu ndi osakwana 3 pa 100.

Nambala ya 16 imamveka yoopsa, koma taonani komwe zolakwikazo zili. Zamwazikana: kope ili lalakwika pa chilembo cha 212, lina pa cha 790, lina penanso. Ngati mukungoyendetsa zotsatira pa gel, phala lolimba losiyanitsa zidutswa za DNA malinga ndi utali wake, kuti muone mzere wowala pamalo oyenera, chilembo chimodzi sichisintha utali wa kachidutswa, ndipo mzere uoneka bwinobwino. Ngakhale mutatumiza zotsatira zonse kuti akaziwerenge m'njira ya Sanger, makina amawerenga mamiliyoni a makope pamodzi, ndipo pa malo alionse ochuluka ndi olondola, motero olakwikawo amamira. Vuto limabwera pokhapokha mukasankha kope limodzi n'kuliika mu bakiteriya kuti libereke ena. Apo ndiye ngati mwatola lolakwika, zonse zotsatira zidzakhala zolakwika, ndipo mudzadziwa patapita milungu pamene puloteni yanu ikukana kugwira ntchito.

Tsono Taq ili ndi luso lomwe zodula zambiri zilibe. Ikamamanga chingwe n'kupeza kachidutswa kena ka DNA kali kutsogolo kwake panjira, imakadula tizidutswa n'kupitirira. Luso limeneli ndilo maziko a njira ya TaqMan, yomwe inafotokozedwa koyamba mu 1991. M'kachubu mumaikidwa probe, kachidutswa ka DNA komata panjira ya enzaimu, yomwe masiku ano imakhala ndi utoto wowala mbali ina ndi chophimba kuwalako mbali inayo. Taq ikaidula, utoto umamasuka, makina n'kuona kuwala kukuwonjezeka ulendo ndi ulendo. Umu ndi momwe zoyezera zambiri za kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi zimagwirira ntchito, komanso zambiri zomwe zinkayeza COVID-19. Muikemo enzaimu yodula monga Pfu kapena Q5 m'malo mwa Taq, DNA ichuluka ndithu, koma probe sidulidwa ndipo makina anena kuti mulibe kanthu.

Pali zinanso ziwiri zoiyanja. Taq imavomera chilembo cha U, chomwe chimapezeka mu RNA (m'bale wa DNA), m'malo mwa T. Ma labotale oyeza odwala amagwiritsa ntchito zimenezi podziteteza ku zotsalira za PCR ya dzulo: makope onse opangidwa amakhala ndi U, ndipo musanayambe kuyeza kwatsopano enzaimu ya UNG imawononga chilichonse chokhala ndi U chomwe chalowa mwangozi. Chachiwiri, Taq imasiya chilembo cha A cholendewera kumapeto kwa kope lililonse, ndipo izi zimapeputsa ntchito yolumikiza kachidutswako ku plasmid (DNA yozungulira yolowetsera jini mu bakiteriya) yokhala ndi T.

Ngati pali ndalama yowonjezera pang'ono, ine ndingalangize kuti ipite ku Taq ya mtundu wa hot-start musanaganize zina zonse. Taq wamba imagwirako ntchito pang'ono ngakhale pa kutentha kwa m'chipinda. Mukamakonza timachubu 40 masana a mwezi wa Okutobala, ayezi atasungunuka m'mbale, koyambirira kaja kamakhala kakudikira kwa mphindi zambiri, ndipo ma primer amamatana okhaokha enzaimu n'kuyamba kuwatalikitsa. Pa gel mumadzaona chimtambo chowala pansi penipeni, mzere womwe mumafuna uli wofooka kapena palibiretu. Ya hot-start imakhala yomangidwa, mwina ndi antibody, mwina ndi mankhwala, mpaka makina atatentha koyamba. Dziwani kuti yomangidwa ndi mankhwala imafuna mphindi 10 kapena kuposerapo pa 95 kuti imasuke, pamene ya antibody imamasuka m'mphindi ziwiri kapena kucheperapo. Anthu ambiri amasintha kampani osasintha pulogalamu ya makina, kenako n'kumati enzaimu yatsopanoyo ndi yabodza.

Pfu ndi abale ake a m'nyanja

Izi, kunena zoona, sizichokera ku mabakiteriya. Zimachokera ku gulu lina la tamoyo ting'onoting'ono lotchedwa archaea, lomwe pa maikulosikopu limaoneka ngati mabakiteriya koma mkati ndi losiyana kwambiri. Pyrococcus furiosus anapezedwa ndi Gerhard Fiala ndi Karl Stetter mumchenga wotentha wa m'mphepete mwa nyanja pa chilumba cha Vulcano ku Italy, ndipo anamulengeza mu 1986. Amakula bwino pa madigiri 100. Polymerase yake, Pfu, inafika m'ma labotale mu 1991.

Pfu ikaika chilembo cholakwika imaima, kubwerera, kuchichotsa, n'kuika choyenera. Mtengo wa kusamala kumeneku ndi liwiro: muipatse mphindi ziwiri pa zilembo 1,000, ndipo nthawi zambiri makope amatuluka ochepa poyerekeza ndi a Taq. Mbali yomwe imachotsa zolakwikayo siisiyanitsanso cholakwika ndi primer yomwe yangokhala osamata paliponse, choncho mukathira enzaimu msanga n'kusiya kachubu patebulo, imayamba kudya ma primer kumapeto. Muziithira pomalizira, pa ayezi, ma dNTP, zilembo zomangira zija, ali kale mkati.

Pali misampha itatu yomwe imagwira omwe angochoka ku Taq. Pfu siisiya A wolendewera. Makope ake amatha mosalala, ndiye plasmid ya T siwalandira pokhapokha mutawadutsitsanso mu Taq kwa mphindi zingapo. Pfu ikaona U pa chingwe chomwe ikukopa imaima osapitirira, motero siyenda ndi njira ya UNG ija kapena ndi DNA yomwe yathiridwa bisulfite (mankhwala osandutsa C kukhala U), kupatula mitundu yosinthidwa dala monga Phusion U ndi Q5U. Wachitatu ndi wobisika kwambiri. Pali njira yofufuzira kusintha kwa chilembo chimodzi, mwachitsanzo chomwe chimachititsa kachilombo kusamva mankhwala, yodalira kuti primer yosagwirizana kumapeto ikanike kutalikitsidwa. Taq imakanikadi, ndipo ndi zomwe mukufuna. Pfu imangochotsa chilembo chosagwirizanacho n'kupitiriza, sampulo iliyonse n'kuoneka ngati ili ndi kusinthako.

Vent imachokera ku Thermococcus litoralis, wopezekanso m'madzi otentha a m'nyanja ku Italy, ndipo Deep Vent imachokera ku Pyrococcus wa pansi pa nyanja ku Guaymas Basin, kufupi ndi Mexico, pa kuya kwa mamita oposa 2,000. Zonse ziwiri amagulitsa ndi a New England Biolabs. Chomwe zili nacho ndi kupirira: pa madigiri 95 theka la mphamvu za Vent limatha patapita maola pafupifupi 7, za Deep Vent maola 23. Zimathandiza pa DNA yodzaza ndi G ndi C, yomwe imafuna kutentha kwambiri kuti ilekane. Pa kulondola zili pakati pa Taq ndi Pfu, ndipo masiku ano n'zochepa ntchito zomwe ndingazisankhire poyamba.

KOD ndi nkhani ina. Inachokera ku Thermococcus kodakarensis wa pa chilumba cha Kodakara ku Kagoshima, Japan, ndipo amaigulitsa ndi a Toyobo. Imakonza zolakwika ngati Pfu koma imathamanga kuposa Taq yomwe. Kwa munthu amene makina a PCR amabwerekana ndi anzake asanu, kapena amene akuthamangitsana ndi nthawi yothima magetsi, kufupika kwa pulogalamu si chinthu chaching'ono.

Zosokedwa: Phusion ndi Q5

Ma enzaimu odula kwambiri lero sapezeka m'kasupe aliyense. Ndi ziwalo zolumikizidwa. Amatenga polymerase ya mtundu wa Pyrococcus n'kuisokerera kapuloteni kakang'ono kotchedwa Sso7d, kochokera ku Sulfolobus solfataricus wa m'matope otentha a asidi kufupi ndi Naples. Kapuloteniko kamagwira DNA zolimba, ndiye enzaimu siigwagwa pa chingwe ndipo imamanga zilembo zambiri isanasiye. Phusion inayambira ku kampani ya Finnzymes ku Finland. Q5 ndi ya New England Biolabs, omwe amati imalondola kuposa Taq maulendo pafupifupi 280. Manambala otere amachokera kwa eniake ndipo njira zoyezera zimasiyana kampani ndi kampani, choncho musawayerekeze mwachimbulimbuli. Koma kuti n'zolondola kwambiri, zimenezo palibe wotsutsa.

Ngati mukupanga plasmid, kusintha chilembo mwadala mu jini, kapena kukonza DNA yoti ikawerengedwe ndi makina amakono omwe amawerenga kope lililonse palokha, apa ndiye pomwe ndalama yanu ikuyenera kupita. Zimafuna masekondi 15 mpaka 30 pa zilembo 1,000, ndipo zimalekanitsa DNA pa 98. Chokhumudwitsa n'chakuti kutentha komatira ma primer komwe munazolowera ndi Taq sikugwiranso. Kawirikawiri kumakwera ndi madigiri angapo, ndipo ndi bwino kugwiritsa ntchito chowerengetsera cha kampaniyo pa intaneti. Misampha itatu ya Pfu ija ili panonso.

Pa zidutswa zazitali pali nzeru yotsika mtengo yomwe Wayne Barnes anaonetsa mu 1994: Taq yambiri kusakaniza ndi kadontho ka enzaimu yokonza zolakwika. Taq ikalakwitsa imakonda kuima pomwepo, ndipo n'chifukwa chake siifika patali. Inzakeyo imabwera kudzachotsa cholakwikacho, Taq n'kupitiriza. Barnes anafika nazo pa zilembo 35,000. Zosakaniza zambiri zogulitsidwa ndi dzina la PCR yaitali ndi zimenezi.

Tth: pamene sampulo ndi RNA kapena ndi yakuda

Thermus thermophilus ndi m'bale wa Thermus aquaticus. Tairo Oshima anamupeza pa kasupe wotentha ku Izu, ku Japan, ndipo anamufotokoza mu 1974. Polymerase yake, Tth, mukaipatsa manganese m'malo mwa magnesium imakopa RNA kuisandutsa DNA, kenako n'kuichulukitsa yokha, zonse m'kachubu kamodzi ndi enzaimu imodzi. Popeza imachita zimenezi pa madigiri 60 mpaka 70, RNA yopindikapindika imawongoka n'kuwerengeka. Zoyezera zoyambirira za Roche za kuchuluka kwa HIV zinkadalira enzaimu imeneyi. Kuipa kwake n'kwakuti manganese amaichititsa kulakwitsa kwambiri, motero ndi yoyezera osati yosungira jini. Ma labotale ambiri lero amakonda kuyamba ndi reverse transcriptase, enzaimu yosandutsa RNA kukhala DNA, yochokera ku kachilombo ka mbewa ka MMLV, yosinthidwa kuti ipirire madigiri 50 mpaka 55, kenako Taq.

Tth imapiriranso magazi kuposa Taq. Kadontho kochepa kwambiri ka magazi osayeretsedwa kamatha kuimitsa Taq wamba, ndipo chimodzimodzi utomoni ndi ma phenol a m'masamba, kapena dothi. Amene amayeza chisaka mu nthochi kapena matenda a chinangwa amadziwa kuti PCR ikakana, kawirikawiri si kuti kachilombo mulibe, koma kuti DNA inatuluka ndi zinyalala za tsamba. Musanagule enzaimu ina, yesani kusungunula sampuloyo maulendo 10 ndi madzi oyera kapena kuthiramo BSA, puloteni ya m'magazi a ng'ombe, pang'ono. Nthawi zambiri mzere umatulukira.

Bst: yosafuna makina a PCR

Apa tasiyana nayo njira. Geobacillus stearothermophilus amapezeka m'nthaka yotentha ndi m'akasupe, ndipo anayamba kudziwika mu 1920 ngati wowononga chakudya cha m'zitini. Ogwira ntchito m'zipatala amamudziwa kale mwanjira ina: njere zake ndi zomwe zimaikidwa mu autoclave poyesa ngati yaphadi tizilombo tonse. Polymerase yake, Bst, siipirira ngati Taq. Pa madigiri 80 imafa m'mphindi 20, ndiye pa PCR ilibe ntchito. Luso lake ndi lakuti ikamamanga imakankhira pambali chingwe chomwe chili kutsogolo, kulekanitsa DNA yokha popanda kuitenthetsa pa 95.

Mu 2000 Tsugunori Notomi ndi anzake a ku kampani ya Eiken ku Japan anamanga njira ya LAMP pa luso limeneli. Kachubu kamangokhala pa madigiri 60 mpaka 65 kwa mphindi 30 mpaka 60. Chotenthetsera chaching'ono cha batire kapena madzi ofunda osungidwa pa kutentha kumodzi n'zokwanira. Zotsatira mumaziona ndi maso: madzi a m'kachubu amachita mbuu, kapena amawala mukawaunika, kapena, pa mitundu yomwe inatchuka nthawi ya COVID-19, amachoka pa pinki n'kukhala achikasu. Bst imapiriranso zinyalala za m'magazi ndi m'makhololo kuposa Taq, motero sampulo siifuna kuyeretsedwa kwambiri. Mu 2016 bungwe la WHO linavomereza TB-LAMP kuti ingalowe m'malo mwa kuyeza makhololo pa maikulosikopu pofufuza chifuwa chachikulu, ndipo palinso zoyezera malungo za mtundu womwewu zomwe zimapeza tizilombo tochepa kwambiri tosaoneka pa galasi.

Kwa chipatala chakumudzi izi zikumveka ngati yankho la zonse, koma pali zolipira. LAMP imafuna ma primer 4 mpaka 6 olunjika malo 6 mpaka 8 pa jini, ndipo kuwakonza kuti asamatane okhaokha ndi ntchito yaikulu. Nthawi zina kachubu kopanda sampulo kamasintha mtundu kokha mukakasiya nthawi yopitirira. Siiuza bwino kuchuluka kwa kachilombo. Zomwe imapanga ndi zingwe zazitali zobwerezabwereza, zosayenera kuika mu plasmid. TB-LAMP siinenanso ngati chifuwacho sichikumva mankhwala a rifampicin, pamene njira ya GeneXpert, yomwe WHO inavomereza mu 2010 ndipo ili m'zipatala zambiri m'Malawi ndi m'Zambia, imanena zonse ziwiri m'maola osakwana awiri. Ndipo choopsa kuposa zonse: LAMP imapanga DNA yochuluka kwambiri mwakuti mukatsegula kachubu kamodzi komwe katha, chipinda chonse chimaipitsidwa. Timadontho tosaoneka timakhala pa ma pipette, pa magolovesi, pa chogwirira cha firiji, ndipo kwa milungu sampulo iliyonse imatuluka kuti ili ndi matenda. Kachubu ka LAMP kakatha, kasatsegulidwe. Kalowe m'thumba lomata n'kutuluka m'chipindamo.

Kugula, kusunga kapena kudzipangira

Cetus inagulitsa umwini wa PCR kwa Hoffmann-La Roche mu 1991 pa mtengo wa madola 300 miliyoni. Yellowstone, komwe bakiteriya anachokera, sinaone kalikonse pa ndalamazo, chifukwa Brock anasungitsa bakiteriyayo ku ATCC, nkhokwe yosungira tizilombo ya ku America, komwe aliyense ankatha kumuitanitsa. Ndi phunziro lomwe linachititsa kuti mu 1997 oyang'anira malowa asainirane pangano logawana phindu ndi kampani ya Diversa, ndipo nkhani zotere ndi zomwe pangano la Nagoya la 2010 linabwera kudzakonza. Izi zikutikhudza, chifukwa chigwa chomwe muli nyanja ya Malawi chili ndi akasupe ake otentha, monga a ku Chiweta ku Rumphi ndi a Mawira ku Nkhotakota, ndipo botolo la madzi otungidwa pamenepo si madzi chabe.

Umwini wa PCR ndi wa Taq unatha kalekale, ndipo n'chifukwa chake Taq yatsika mtengo chonchi. Labotale ya pa yunivesite yomwe ili ndi chofungatira mabakiteriya ndi centrifuge ingathe kudzipangira yokha. Jini ya Taq imaikidwa mu E. coli, mabakiteriyawo amakula usiku umodzi, kenako mumawaphwanya n'kutenthetsa msuziwo pa madigiri 75 kwa ola limodzi. Mapuloteni onse a E. coli amaundana n'kuchita mbuu. Mukazunguza mu centrifuge amakhala pansi, ndipo madzi oyera apamwamba ndi omwe muli Taq, yamoyo. Mumaisunga mu glycerol wa theka ndi theka, ndipo botolo limodzi la mabakiteriya limapereka yokwanira ma PCR masauzande. Pophunzitsa ophunzira, kapena posefa mabakiteriya kuti muone omwe alandira plasmid, palibe chifukwa chowonongera ndalama zakunja.

Koma yodzipangirayi isayandikire sampulo ya wodwala. Mphamvu zake zimasiyana ulendo ndi ulendo, ndipo imanyamula DNA ya E. coli yomwe inakuliramo. Mukamafufuza mabakiteriya pogwiritsa ntchito jini ya 16S, yomwe bakiteriya aliyense ali nayo, kachubu kopanda sampulo kamatulutsa mzere. Ngakhale Taq yogula imakhala ndi timadontho ta DNA yotere, n'chifukwa chake pa ntchito imeneyi pali mitundu yoyeretsedwa mwapadera, ndipo pamenepo kudula kwake n'komveka.

Pa kasungidwe anthu amadandaula ndi chinthu cholakwika. Katundu akachedwa pa bwalo la ndege n'kufika ayezi atasungunuka, Taq yeniyeniyo kawirikawiri imakhala ilibe vuto. Enzaimu yopirira madigiri 95 siifa ndi masiku ochepa a kutentha kwa m'chipinda. Zomwe zimayamba kuwonongeka ndi reverse transcriptase, ma dNTP, ndi ma probe a utoto omwe amadana ndi kuwala. Chowononga china ndi kuzizira n'kusungunuka mobwerezabwereza, zomwe zimachitika mwakachetechete mu firiji yomwe magetsi ake amathimathima kapena yomwe imadzisungunulira yokha ayezi. Gawani zosakaniza zanu m'timachubu ting'onoting'ono tsiku lomwe zafika, kuti muzitulutsa kamodzi kokha pa ntchito imodzi, ndipo muziika mkati mwenimweni mwa firiji pakati pa mabotolo a madzi oundana, osati pa chitseko.

Komwe firiji ndi yosadalirika n'komwe, funsani zouma. Makampani angapo amagulitsa zosakaniza za PCR ndi za LAMP zoumitsidwa, zina ngati kamkanda koyera pansi pa kachubu, zina zomatidwa mkati mwa chivindikiro, ndipo zimasungika pa shelefu. M'makatiriji a GeneXpert enzaimu imakhala youma chomwecho. Pa kachubu kamodzi n'zodula kuposa zamadzi, koma powerengetsa muphatikizepo mtengo wotumizira katundu pa ayezi, mafuta a jenereta, ndi timachubu tomwe mumataya chaka chilichonse chifukwa simukudziwa kuti firiji inazima maola angati Loweruka usiku. Zoumazi mdani wake ndi chinyezi: thumba likatsegulidwa m'nyengo ya dzinja, zotsala zitsekeredwe pamodzi ndi kapaketi koyamwa chinyezi kaja, ndipo kamkanda kakaoneka kofota kapena konanda, katayeni.